Mbale Yopanda Kanthu M'misewu ya London

M'chaka cha 1977, anthu a ku Hampstead, kumpoto kwa London, anayamba kuona zachilendo m'mamawa. Amuna ometa mpala, ovala mikanjo yofiirira, ankayenda mondondozana m'mbali mwa msewu, aliyense atakoleka mbale paphewa, maso pansi, pakamwa chete. Masiku ambiri ankabwerera chimanjamanja. Mngelezi wothamangira kuntchito akanadziwa bwanji kuti mbaleyo ikudikira mpunga?

Anali amonke achibuda ochokera kunkhalango za ku Thailand. Mtsogoleri wawo, Ajahn Sumedho, ndi M'merika wobadwira ku Seattle mu 1934, amene anasulidwa zaka khumi ndi mphunzitsi wotchuka Ajahn Chah ku Wat Nong Pah Pong, m'chigawo cha Ubon. Liwu loti Ajahn limatanthauza mphunzitsi.

Chibuda chinali chitafika kale ku Britain. Allan Bennett, Mngelezi amene anavala mkanjo ku Burma, anabwera kudzalalikira ku London mu 1908, ndipo mu 1924 loya Christmas Humphreys anayambitsa gulu limene linadzakhala Buddhist Society. Koma chinali Chibuda cha m'mabuku ndi m'misonkhano yamadzulo. Bungwe la English Sangha Trust linakhazikitsidwa mu 1956 kuti amonke akhazikike m'dzikomo, koma kwa zaka makumi awiri amonkewo ankangofika n'kuchoka.

Chinkavuta ndi malamulo. Mmonke wa mwambo wa Theravada amasunga malamulo 227. Salandira ndalama. Sadya dzuwa likapendeka. Sagoneka chakudya kuti adzadye mawa, sakumba nthaka, ndipo chimene sanapatsidwe m'manja sachiika pakamwa. Kumudzi ku Thailand zimenezi n'zosavuta, chifukwa tambala akalira amayi amakhala atayima kale pakhomo ndi mpunga wotentha. Nanga ku England, kumene lamulo la 1824 linkaletsa kupemphetsa mumsewu? Ambiri ankati malamulowo afewetsedwe. Ajahn Chah, amene anaperekeza ophunzira akewo ku London, anakana. Anawauza kuti azituluka ndi mbale m'mawa uliwonse, kaya apatsidwa kaya ayi, kuti anthu aziwaona.

Ine ndimati gogoyo anaona patali. Mmonke wokhala ndi ndalama m'thumba akhoza kudzitsekera m'chipinda n'kumasinkhasinkha yekha. Wopanda ndalama sangathawe anthu. Njala imam'tulutsa tsiku ndi tsiku. Lamulolo limamanga pamodzi wovala mkanjo ndi wophika, wina apereke chakudya, wina apereke chiphunzitso, ndipo wophikayo amaphunzira kupatsa asanamve ulaliki uliwonse.

M'mawa wina mu 1978, Sumedho akuyenda m'paki ya Hampstead Heath, anakumana ndi bambo wina amene ankathamanga kulimbitsa thupi. Bamboyo anachita chidwi, anacheza, ndipo mapeto ake anawapatsa nkhalango yake ya Hammer Wood, maekala 108, ku West Sussex. Mbale imene inkasowa mpunga inalandira nkhalango! Chapafupi panali chinyumba chakale, Chithurst House, denga lodontha, matabwa ofumbwa. Bungwe lija linagulitsa nyumba ya ku Hampstead imene amonkewo ankakhalamo n'kugula chinyumbacho, ndipo mu June 1979 amonke analowamo n'kuyamba kukonza ndi manja awo, mothandizana ndi anthu wamba. Anachitcha Cittaviveka. Zina anasintha ndithu: chisanu cha ku England chinawaveka majekete ndi masokosi. Ndalama sanazikhudzebe.

Pa nkhani ya akazi mpamene pali bala. Akazi anayi anafika ku Chithurst mu 1979, ndipo mu 1983 anawakhazikitsira gulu lawo la masisitere lotchedwa siladhara. Nawonso salandira ndalama, nawonso amaphunzitsa, koma udindo wawo ndi wapansi pa wa amuna, chifukwa akuluakulu a Chibuda ku Thailand savomereza kudzoza akazi mokwanira. Mu 2009 nkhaniyi inabuka poyera, ndipo ena mwa amayi amene anatumikira zaka zambiri anachoka, n'kukadzozedwa ku California mu 2011. Kwa ine n'zopweteka kuti mwambo umene unalola jekete unalephera kulola ichi.

Mu 1984, malo atachepa ku Chithurst, anatsegula malo ena otchedwa Amaravati pafupi ndi Hemel Hempstead. Lamlungu lililonse, nthawi isanakwane 12 koloko, magalimoto amadzaza pabwalo. Mabanja ochokera ku Thailand, ku Sri Lanka ndi Angelezi enieni amatsitsa miphika ya mpunga ndi ndiwo, amavula nsapato pakhomo, n'kuima pamzere kudikira kuti mbale zidutse.