Muvi Usanakhale wa Chitsulo: Nsangalabwi ya M'munsi mwa Mapiri a Dedza

Aliyense amene walimapo m'munsi mwa mapiri, kuyambira ku Golomoti kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, amaudziwa mwala woyera uja wobunthitsa khasu. Nsangalabwi. Timaitola n'kuiponya m'malire a munda, ana amaiika pa legeni, ena amaiswa n'kugulitsa kwa omanga nyumba. Komatu kwa zaka zikwizikwi mwala womwewu ndiwo unali mpeni, lumo ndi nsonga ya muvi. Munthu wosadziwa kuusankha ankagona ndi njala.

Chimene chimatisokoneza ndi zithunzi. Mukafufuza pa intaneti za mivi ya miyala, mumaona kansonga kosemedwa bwino ngati tsamba, kakuda, kowala. Yambiri ndi ya ku America, ndipo mwala wakudawo ndi obsidian, galasi lachilengedwe limene limapangika chiphalaphala cha phiri lophulika chikazizira msanga. Likasweka limakhala lakuthwa kuposa lumo la m'sitolo. Ku Africa kuno limapezeka kwambiri ku Ethiopia ndi ku Kenya, makamaka cha ku Naivasha. Mu 2018 akatswiri ofukula pa Olorgesailie, kum'mwera kwa Kenya, anaonetsa kuti zaka pafupifupi 300,000 zapitazo anthu ankabweretsa kale obsidian kuchokera pa mtunda wa makilomita 25 kapena kuposerapo. Amadziwa bwanji? Galasi la phiri lililonse lili ndi msakanizo wakewake, ndiye kachidutswa kakapimidwa kamaulula kwawo.

Mlenje wa kuno kwathu analibe mwayi umenewo. Mapiri a Dedza ndi Chongoni ndi a thanthwe lakalekale, ndipo zimene zafukulidwa m'mapanga ake zambiri ndi za mwala umene a sayansi amautcha quartz, nsangalabwi yathu yomwe ija.

Nanga ankaipeza kuti? Yankho lili pa msewu wa Khwekhwelere, wotsika kuchokera kumtunda kupita ku Golomoti. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Pakati pake pali chitsetse chachikulu pamene nthaka inang'ambika n'kutsika, n'kupanga chigwa mmene muli nyanja. M'matanthwe a chitsetsechi mumadutsa mizere yoyera ngati mitsempha, ndipo mizere imeneyo ndi nsangalabwi. Mvula imakokolola, thanthwe limafumbutuka, koma nsangalabwi ndi yolimba, imatsala. Kenako mitsinje ngati Nadzipokwe wa pa Mua, Namikokwe ndi Nadzipulu imaigubuduza kupita nayo kuchigwa. Madzi akaphwa m'chilimwe, mtsinje umasanduka msika wa miyala, wosalipira.

Koma si mwala woyera uliwonse umene ungathandize. Nsangalabwi yambiri ili ndi ming'alu yamkati. Ukaimenya imangophwanyika ngati mchere. Yabwino ndi yoonekera ngati madzi oundana, kapena yosalala mkati, yopanda zipsera. Ya mumtsinje ili ndi ubwino wake, poti yofooka inaswekera kale m'njira, yafika kumunsi ndi yopirira. Luso loyamba la mlenje linali m'maso ndi m'khutu: kuuzunguza mwala m'manja, kuugogoda, kumva ngati ukulira bwino kapena wagonthera.

Akaupeza, ankaukhazika pa mwala wina wafulati n'kuumenya pamwamba ndi mwala wozungulira, monga timaswera mtedza wouma kapena nthanga za mfula. Tizidutswa topyapyala tinkathothoka. Mwa tambirimbiri ankasankhamo towerengeka, n'kubunthitsa mbali imodzi, inayo n'kuisiya yakuthwa. Chotuluka chinali kanthu kotalika sentimita imodzi kapena ziwiri, kooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Basi. Ndiye chifukwa chake timatiponda osadziwa: tikuyembekeza tsamba lakuda la pa intaneti, pamene cha kwathu chikuoneka ngati chikhadabo.

Kachidutswa kotere pakokha si muvi. Pankafunika bango lowongoka, ndipo m'madambo a kunyanja mabango sasowa. Pankafunika utomoni kapena phula lomatira mwala ku kamtengo, mtsempha wa nyama womangira, mtengo wolimba wa uta. Zinthu zimenezi zimaola, n'chifukwa chake m'mapanga mumatsala miyala, mafupa ndi mikanda ya zigoba. Koma ku Gwisho, pa akasupe otentha a m'chigwa cha Kafue ku Zambia, matope anasunga zidutswa za mauta ndi mivi ya mitengo za zaka pafupifupi 4,000, zimene Brian Fagan ndi Francis van Noten analemba m'buku lawo la 1971. Kumeneko n'kumene timaona kuti mwala unali kachigawo kochepa ka chida chonse.

Ndiye pali ululu. Muvi wopepuka chonchi sugwetsa mphalapala ndi mphamvu yake. Ntchito ya nsonga ndi kuboola chikopa kuti chopakidwacho chilowe m'magazi. Dziko lathu lili ndi kombe, chomera choyanga chimene nthanga zake zimaimitsa mtima. John Kirk, dotolo wa pa ulendo wa David Livingstone wa 1858 mpaka 1864, anaona Amang'anja a ku Shire akupaka kombe pa mivi, ndipo pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Mivi ya m'masiku a Kirk inali kale ya chitsulo, koma ikutithandiza kumvetsa chifukwa chake nsonga yaing'ono inali yokwanira.

Umboni wa pafupi ndi kwathu uli kumtunda, ku Chongoni. Mu 1972 J. Desmond Clark anafukula phanga la Mwana wa Chencherere, kumpoto kwa boma la Dedza, napeza tizida ta miyala tochuluka, mafupa a nyama zosakidwa ndi mafupa a anthu. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 Gadi Mgomezulu anafukula mapanga ena cha ku Linthipe ndi Chongoni, kufuna kudziwa mmene ulimi unayambira m'derali. Mapiri omwewa ndiwo ali ndi malo 127 a zojambula za pa matanthwe, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kutsidya kwa malire, David Phillipson anapeza tizida ta mtundu womwewu m'mapanga a Makwe, Thandwe ndi Kalemba kum'mawa kwa Zambia. Kutsidya la nyanja, m'phanga la Ngalue ku Niassa, Julio Mercader anapeza zida za quartz za zaka zoposa 100,000. Mwala umodzimodziwo, mibadwo yosawerengeka.

Kodi eni ake anali ndani? Agogo athu ankati Akafula, ena Abatwa, ena Amwandionerapati: anthu aafupi amene ukakumana nawo ankafunsa kuti wawaonera pati, ndipo wanzeru ankayankha kuti kutali, kuopa muvi. Nthanoyi imaseketsa ana, koma taonani chimene yasunga: alimi ankawaopa anthu amenewa chifukwa cha uta. Zojambula zofiira za ku Chongoni akatswiri amati n'za iwowa, pamene zoyera n'za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu.

Mu 2017 gulu lotsogozedwa ndi Pontus Skoglund linafalitsa zotsatira za DNA yotengedwa m'mafupa a ku Chencherere a zaka pafupifupi 5,000, a ku Fingira pa Nyika, ndi a ku phiri la Hora ku Mzimba a zaka pafupifupi 8,100. Anapeza kuti alenjewa anali a mtundu umene unakhala kuno nthawi yaitali zedi, koma mwa Amalawi a lero amene anapimidwa magazi awo sakuonekamo kwenikweni. Abale anga, imeneyi ndi nkhani yolemera. Anthu anakhala m'mapiri ano zaka zikwi zambiri kuposa ife, ndipo chilankhulo chawo sitichidziwa, ngakhale dzina limene ankadzitcha okha. Chatsala ndi utoto wofiira pa thanthwe ndi tizidutswa ta nsangalabwi.

Chitsulo chinafika ndi alimi. Mbiya za mtundu wa Nkope, zotchedwa dzina la doko la ku Mangochi kumene K. R. Robinson anafukula, zimasonyeza osula ndi olima ali kale m'mbali mwa nyanja cha m'zaka za m'ma 300 ndi 400. Patapita zaka pafupifupi chikwi, likulu la a Kalonga linali ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, kumene Yusuf Juwayeyi anafukula zitsulo, mkuwa, minyanga, mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Komabe m'mapanga a kumtunda anthu anapitiriza kuswa nsangalabwi kwa zaka mazana ambiri chitsulo chili kale m'dziko, moti m'dothi la pamwamba tizida ta miyala timapezeka pamodzi ndi mapale a mbiya. Musati n'kutsalira. Chitsulo chimafuna ng'anjo, makala, mvukuto ndi mmisiri woti umulipire. Nsangalabwi imafuna maso ndi mwala wina, ndipo muvi ukathawa ndi nyama, mawa upanga wina pa mtsinje.

Tsono lero? Miyala ya m'munsi mwa mapiri ikuswedwa, mchenga wa m'mitsinje ukukwera malole, mapanga ena ana asukulu alembamo maina awo ndi makala. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakalezi, koma wapolisi sangaime pa phanga lililonse. Mukapeza tizidutswa toyera tambiri pamalo amodzi pansi pa thanthwe, tisiyeni pomwepo, jambulani ndi foni, dziwitsani a mfumu ndi a nthambi ya boma yoona za zakale. Obsidian imanena kwawo ngakhale ili m'thumba la munthu ku London. Nsangalabwi ayi: ikangochoka pamene inagona, yasanduka mwala wamba, ndipo mboni ina ya Akafula yatsekedwa pakamwa. Paja akulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.