Kuwala m'makhitchini a ku Chigwa cha Shire

M'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, khitchini nthawi zambiri imakhala kanyumba kopanikiza komangidwa padera. Chifukwa cha kutentha, ambiri amaphikira panja, ndipo kanyumbaka kamagwira ntchito makamaka m'dzinja.

Mdima wa m'katimo umabwera kwenikweni ndi utsi. Moto wa pamafuwa umadetsa makoma ndi mwaye, ndipo khoma lakuda limameza kuwala ngakhale nyali ikhale yamphamvu. N'chifukwa chake kuboola zenera moyang'anizana ndi khomo, kupaka makoma laimu ndi kuphikira pa chitetezo mbaula kumathandiza kuposa kugula babu lalikulu. Lata loonekera padenga limawalitsa ndithu, koma m'chigwachi limawonjezera kutentha.

Usiku, koloboyi walowedwa m'malo ndi tochi ndi nyali za sola. Nyaliyo imafunika kupachikidwa kutsogolo kwa wophika, kuti mthunzi wake usagwere mumphika. Sola imathandizanso olumikizidwa ku ESCOM magetsi akathima, monga mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana adawononga siteshoni ya Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130.