Nkhani zopeka za moyo wa m'banja

Mtundu wa zolembalemba womwe umafotokoza zochitika za tsiku ndi tsiku pakhomo: ukwati, kulera ana, chuma cha masiye, mikangano ya apongozi. M'Chichewa, chiyambi chake ndi buku la Nthondo la Samuel Josia Ntara, lomwe lidatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934. Limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa. Alembi am'mbuyo mwake monga John Gwengwe, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani adapitiriza njira yomweyo, ya nkhani yoyenda mwandondomeko yokhala ndi mwambo kumapeto, mwina chifukwa owerenga ambiri anali ana asukulu.

Alembi amakono ena asiya kulangiza. Mu For Honour, nkhani ya Stanley Onjezani Kenani yomwe idafika m'ndime yomaliza ya mphotho ya Caine mu 2008, vuto la banja losowa mwana likusiyidwa m'manja mwa wowerenga kuti aweruze yekha. Ena amayambira nkhani kumapeto, kapena kupatsa aliyense m'banjamo mpata wosimba mbali yake.

Kalembedwe kopatsa aliyense mpata wosimba mbali yake n'koyenera madera ngati kwa Kaluluma, kumpoto kwa Kasungu, komwe Chichewa ndi Chitumbuka zimamveka m'mudzi umodzi. M'mabanja a matenanti a fodya kumeneko, mayi ndi ana ankagwira nawo ntchito, koma malipiro ankabwera kamodzi fodya akagulitsidwa, atachotsako ngongole ya chakudya, ndipo kawirikawiri wolandira anali bambo, choncho aliyense m'banjamo ali ndi nkhani yakeyake yoti asimbe.