Lamulo Limene Linagona Zaka 86

Mu June 1930, Pulezidenti Herbert Hoover wa ku America anasaina lamulo la misonkho ya katundu woloŵa m'dzikomo. Pa ndime 307 panali mau oletsa katundu aliyense wopangidwa ndi akaidi kapena ndi anthu ogwira ntchito mokakamizidwa. Mwezi womwewo ku Geneva, bungwe la International Labour Organization linavomereza pangano lothetsa ntchito yokakamiza. Munthu akadaganiza kuti ukapolo wafika pamapeto.

Koma aphungu a ku Washington anasiya khomo lakuseri. Analemba kuti chiletsocho sichikhudza katundu amene America sangathe kudzipangira wokwanira anthu ake. Taganizani, aŵerengi okondedwa: koko ndi khofi, mbeu za m'maiko otentha, zinali ndi njira yotseguka, ngakhale zitakololedwa ndi manja a kapolo. Apa mpamene cholinga chenicheni chikuonekera. Ine ndiona kuti lamulolo silinabadwe chifukwa cha chifundo kwa wovutika wakutali, koma linali mpanda wotchinjiriza wantchito wa ku America ku katundu wotsika mtengo. Pamene panalibe mpikisano, panalibenso funso.

Khomolo linatsekedwa mu February 2016, Barack Obama atasaina lamulo latsopano. Zaka 86 zinali zitapita.

Sipanatenge nthaŵi, nkhaniyi inatipeza kwathu kuno. Pa 1 November 2019, akuluakulu a kasitomu ku America analamula kuti fodya wa ku Malaŵi aziimitsidwa padoko, ati chifukwa amalimidwa ndi anthu okakamizidwa, ana omwe. Ife sitinafunike mlendo kuti atiuze za moyo wa tenanti. Bambo ankachoka kwao ndi banja lonse kupita ku esiteti ya ku Kasungu kapena ku Mzimba; chimanga, feteleza, ngakhale mchere, zonse ankalandira pangongole. Mwana ankasoka fodya m'chigafa anzake ali m'kalasi. Pogulitsa, ngongole inkadya pafupifupi phindu lonse, ndipo munthu wopanda ndalama ya basi sangabwerere kwao.

Chachilendo chinali ichi: tsopano wogulayo ndiye anayenera kupereka umboni kuti fodya wake ngwoyera. Mu 2020 ndi 2021, makampani atatu ogula fodya anapereka umboni wotere, nachotsedwa pa chiletsocho. M'chaka cha 2021, Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe inasintha lamulo la ntchito, nithetsa utenanti.