Tsabola Ndi Wathu, Dzina Ndi la Eni

Mu 1987, Robert Brozin ndi Fernando Duarte anagula malo odyera a Chickenland ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, n'kuwatcha Nando's. Chokopa anthu chinali nkhuku yootcha ndi tsabola wa piripiri, kaphikidwe kamene Apwitikizi anabwera nako kuchokera ku Mozambique. Atatsegula ku London mu 1992, malonda anayamba mwapendapenda. Anadzakhazikika eni ake atasiya kudalira ogula onyamula chakudya n'kukonza malo oti anthu azidyera pomwepo. M'mayiko ena, amalonda akomweko amalipira kuti agulitse m'dzinali. Lero tsabolayu amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Mlimi amalandira ndalama akakolola, pomwe mwini dzina amalandira pa mbale iliyonse.