Za Sitima Yathu, Chauncy Maples

Pa chaka ichi cha chikondwerero tiyenera kukumbukira wantchito mmodzi amene analibe pakamwa, koma anafikitsa Uthenga Wabwino m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja. Ndiye sitima ya Mishoni.

M'chaka cha 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja, ngalawa yake itagubuduzika ndi namondwe, asanafike ku Likoma kukayamba ubishopu wake. Ndipo Akristu a ku England anasonkha ndalama kuti imangidwe sitima ya dzina lake. Anaipanga amisiri a Alley & McLellan ku Glasgow, utali wake mapazi 126, naitumiza yophwasula, zidutswa 3,481.

Ulendo wake unali wa thukuta. Zidutswazo zinakwera Zambezi ndi Shire. Koma pofika pa mathithi, pamene ngalawa sizipita, makolo athu anazisenza pamutu. Chotungu chowiritsira madzi, cholemera matani 11, sichinatheke kuchigawa. Angoni 450 anachikoka pagaleta pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Ndipo taonani vuto lina: manambala olembedwa pa zidutswazo anali atakwiririka pamene ankazikuta kuti zisachite dzimbiri, kotero amisiri anavutika zaka ziwiri kufunafuna malo a chidutswa chilichonse. Pa 6 June 1901 sitimayo inayandama.

Inu aphunzitsi, sitima iyi ndi yanu koposa. Archdeacon W. P. Johnson anaisandutsa sukulu ndi tchalitchi, ndipo anyamata ambiri anaphunzira m'menemo asanatumidwe kumidzi. Akristu a kumidzi ankawerenga masiku nayang'anira utsi wake, pakuti utsiwo unali kunena kuti wansembe wafika, ndi Ukaristia, ndi mankhwala, ndi makalata. Moto wake unali wa nkhuni, zimene anthu ankadula naunjika padoko.

Pa nkhondo ya 1914 inanyamula asilikali. M'chaka cha 1953 Mishoni inaigulitsa kwa Boma, ndipo inagwira ntchito ya usodzi. Pambuyo pake inakonzedwanso kuti izinyamula anthu aulendo. Itakalamba inagona zaka zambiri ku Monkey Bay, ndipo amene anayesa kuisandutsa chipatala choyenda panyanja sanaitsirize ntchitoyo.

Maina a iwo amene anakoka chotungu chija sitiwawerenga pa mwala uliwonse. Potchula Bishopu m'mapemphero athu a chikondwerero, tiwatchule iwonso pamaso pa Mulungu, amene awadziwa onse.