Za Mbiri ya Masewero Aafupi m'Dziko Lathu, ndi Ena Oyenera Kuwacitanso

Caka ndi caka, ikayandikira nyengo ya mpikisano wa zisudzo, aphunzitsi a m'masukulu ndi atsogoleri a magulu a acinyamata afunsana funso limodzi, ndilo lakuti, Tidzacita sewero lanji? Ambiri aliyankha mofulumira. Mphunzitsi akhala pansi masiku awiri, nalemba nkhani ya mwana wamasiye wozunzidwa ndi mai womupeza, naikamo maliro awiri, sing'anga ndi wapolisi. Ndipo litapita tsiku la mpikisano, mapepala aja akuta mandasi pamsika. Ife tiyesa kuti funso ili aliyankha bwino ndi iye amene adziwa kumene sewero lalifupi linacokera m'dziko muno, ndi zimene zinaliumba. Cifukwa cace tifuna kuilondola mbiriyo pang'ono, tisanachule masewero amene tiwayesa oyenera.

Makolo athu sanalindira Azungu kuti awaphunzitse kusewera. Wokamba nthano pamoto anali kusanduka Kalulu, pomwepo nasandukanso Fisi, ndi mau okha ndi manja. Pabwalo la gule wamkuru zirombo zinali kuonetsa makhalidwe a anthu a m'mudzi, waulesi, wadama, wodzikuza. Ndipo pamene a Mishoni anayamba kulimbana ndi Nyau, eni gule anayankha mwa njira yao, naturutsa Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, kuti anthu aseke alendowo. Ku masukulu a Mishoni nako kunali masewero a mtundu wina. Pa Khrisimasi ndi pa tsiku lotsekera sukulu ana anali kucita Mwana Wolowerera, Yosefe ndi abale ace, kapena abusa a ku Betelehemu, atabvala nsaru za amai ao. Masewero awa anali aafupi pakuti mafuta a nyali anali ocepa, ndiponso makolo anali ndi ulendo wobwerera kwao. Makina osindikiza a Mishoni anasamala mabuku a nyimbo, Katekisma ndi nkhani zowerenga, monga Nthondo wa Samuel Ntara wa caka ca 1933; koma masewero a ana ambiri anatsala m'kamwa, nafa pamodzi ndi aphunzitsi amene anawakonza.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, zinthu zitatu zinadza motsatana zimene zinaumba sewero la masiku ano. M'caka ca 1968 Cicewa cinaikidwa cinenero ca pfuko pamodzi ndi Cingerezi. M'caka comweco Boma linakhazika lamulo loyesa mabuku, mafilimu ndi masewero, ndi bungwe lace lochedwa Censorship Board, kotero kuti sewero silikadaoneka poyera akuru aja asanaliwerenge ndi kulibvomereza. Ndipo m'caka ca 1969 bungwe la aphunzitsi a Cingerezi, limene anthu alidziwa ndi dzina lakuti ATEM, linayamba mpikisano wa zisudzo wa masukulu a sekondale. Colinga ca aphunzitsiwo sicinali zisudzo ai, koma kuti ana alankhule Cingerezi mosacita manyazi. Cifukwa ca ici sewero liri lonse linali la m'Cingerezi. Ndipo popeza masukulu ambiri anayenera kucita pa tsiku limodzi, gulu liri lonse linapatsidwa nthawi yace yoyeseka, losaloledwa kuipitirira. Opambana m'zigawo anali kukomana pa mpikisano wa dziko lonse.

Taonani tsono mmene mlembi wa masiku amenewo anapanikizidwira. Mbali yina kunali wochi ya oweruza, mbali yina colembera ca a Censorship, ndipo pakati umphawi wa sukulu imene inalibe ndalama zogulira zobvala kapena matabwa. Munthu angayese kuti pamenepo sipakadamera kanthu. Koma wochi inamphunzitsa kusankha nkhani imodzi ndi kuitsata osapatuka; umphawi unamphunzitsa kuti mpando umodzi ukhoza kukhala nyumba ya mfumu, bwalo la mirandu ndi manda; ndipo mantha anamphunzitsa kulankhula mokuluwika, monga acitira mkamwini wanzeru pamaso pa apongozi ace. Sitiyamika mantha amenewo, pakuti anali enieni. Dr. Banda anaikidwa President wa moyo wace wonse m'caka ca 1971, ndipo anthu anali kutsekeredwa popanda mlandu. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991. Tingonena kuti luso limene linabadwa m'masautsowo ndi cuma, ndipo siciyenera kutayika pamodzi ndi masautso.

Pa Chancellor College pomwepo, imene inasamuka ku Blantyre kunka ku Zomba m'caka ca 1973, panali gulu la ophunzira lochedwa Travelling Theatre, loyenda ndi masewero m'masukulu ndi m'matauni. Mphunzitsi wao James Gibbs anasonkhanitsa masewero a Amalawi nawaika m'buku limodzi, Nine Malawian Plays, losindikizidwa ku Limbe m'caka ca 1976 ndi a Popular Publications, ndiwo a makina a Mishoni ya Montfort. M'menemo muli Cracks la Innocent Banda, Who Will Marry Our Daughter? la Joe Mosiwa, ndi The Banana Tree la James Ng'ombe. Tiime pang'ono pa dzina lotsirizali. Mlimi ali yense adziwa kuti nthochi ikabala kamodzi siibalanso, ndi kuti tsinde lokalamba liyenera kudulidwa kuti ana ace omera m'mbali apeze dzuwa. M'dziko lolamulidwa ndi nkhalamba yosafuna kumva za wolowa m'malo, mlembi sanasowa kuchula munthu. Anachula mtengo, ndipo anthu a m'nyumbamo anamaliza okha. Steve Chimombo anacita cimodzimodzi ndi The Rainmaker, losindikizidwa 1978, pakubwerera ku mbiri ya M'bona wa ku Khulubvi, mneneri wa mvula wophedwa ndi eni mphamvu. Koma ilo ndi lalitali, lofuna anthu ambiri, ndipo siliri la gulu laling'ono.

Cipatso coposa ca mpikisano wa masukulu cinaoneka m'caka ca 1982, pamene mnyamata wa pa sukulu ya HHI ku Blantyre anapambana ndi sewero lolemba yekha, The Deceased's Attack. Ndiye Du Chisiza Jr., mwana wa Dunduzu Chisiza uja anafa m'caka ca 1962 mwanayo asanabadwe. M'caka ca 1987 anayamba gulu lace la Wakhumbata, nayesa cinthu cimene ambiri anaciyesa misala, ndico kudya za zisudzo monga mmisiri adya za macheka ace. Anadzaza nyumba ya French Cultural Centre ndi masewero onga Papa's Empire, nakhala nduna ya Boma kanthawi m'masiku otsiriza a cipani cimodzi, namwalira m'caka ca 1999 asanafike zaka 36. Anthu atsutsana za ndale zace kufikira lero, ndipo ife sitilowamo. Cimene tifuna kuti oweruza mipikisano acisunge ndi ici: munthu ameneyo anayamba ndi sewero lalifupi la pasukulu, ndipo panapezeka akuru olola mwana kuonetsa lace, losati la mlendo.

Koma panali cirema cimodzi. Mwana anali kupambana ndi Cingerezi cosalala, agogo ace atakhala kumbuyo osamvapo kanthu. A Travelling Theatre anaciona ici, ndipo kuyambira 1981, pamene anakagwira nchito ndi anthu a ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, anayamba kukonza masewero m'zinenero za anthu, osalemba mau onse, nalola oonerera kuyankha ndi kutsutsa. Chris Kamlongera ndi David Kerr ndiwo anatsogolera njira iyi, imene pambuyo pace inatumikira nchito za umoyo m'midzi ya ku Liwonde. M'matauni namo gulu la Kwathu linaonetsa kuti anthu adzalipira pakhomo kudzaona sewero la m'Cicewa, ndipo Izeki ndi Jakobo, ndiwo John Nyanga ndi Eric Mabedi, anaseketsa dziko lonse ndi mikangano ya anthu awiri opanda katundu ali yense. Onse awiri anatisiya, wina 2016, wina 2021.

Itapita riferendamu ya 1993 ndi cisankho ca 1994, pakamwa panatseguka, ndipo wina akadayembekeza kuti masewero adzakoma koposa. Ena anakomadi. Koma kunadza mbuye watsopano, ndiye mabungwe a ndalama, ofuna masewero a Edzi, a cisankho, a zimbudzi ndi a mitengo. Nkhani zonsezi nzofunika, ndipo masewero otere anapulumutsa miyoyo. Koma ambiri anasanduka ulaliki wobvala zigamba, m'mene munthu woipa adziwika asanatsegule pakamwa, ndipo potsiriza mmodzi aima kutsogolo nafotokozera anthu phunziro limene aliona kale ndi maso ao. Ife a m'nyumba ya Mulungu tiudziwa ulaliki, tiulemekezanso. Malo ace ndi paguwa. Ambuye mwini pokamba fanizo la ana awiri sanatiuza ngati wamkuru analowa m'nyumba kapena anatsala kubwalo.

Tsono ndi ati oyenera kuwacita? Poyamba tinena a m'buku lija la 1976. Analembedwera mabwalo onga athu ndi matumba onga athu, ndipo ana a lero sawadziwa konse. Sukulu imene idzacita The Banana Tree idzapeza kuti nthochi zokana kudulidwa sizinathe, m'maufumu, m'zipani, ngakhale m'mipingo.

Kaciwiri, kuli masewero a kwa anansi athu amene anabadwa m'zipsinjo zofanana. Ku South Africa, kumene atate athu ambiri anapita kukakumba migodi, Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anakonza Sizwe Banzi Is Dead m'caka ca 1972, la munthu wosowa citupa colola kugwira nchito m'tauni, amene atenga ca munthu wakufa, nataya dzina lace kuti ana ace adye. Lifuna amuna awiri okha. Ndani wa ife alibe mbale ku Johannesburg amene abisala lero cifukwa ca mapepala? Caka cotsatira anthu omwewo anaturutsa The Island, la andende awiri a pa Robben Island okonzekera kucita nkhani yakale ya Antigone pamaso pa owalonda. Ndipo pakati pa kukonzekako mmodzi amva kuti adzamasulidwa itapita miyezi itatu, pamene mnzace ali wa moyo wonse. Katundu wace ndi mabulangete, cidebe ndi kapu. Tiliyesa loposa onse, pakuti lionetsa kuti nsanje ikhoza kulowa pakati pa abwenzi ndi uthenga wabwino womwe. Kulinso Woza Albert! la 1981, la Percy Mtwa, Mbongeni Ngema ndi Barney Simon, lofunsa cimene cikadacitika Ambuye akadabwera m'dziko la tsankho lija. Amuna awiri asanduka anthu ambirimbiri, ndipo pofuna kukhala Mzungu angoika kampira kofiirira pamphuno. Mkristu wina angadodome nalo poyamba, koma funso lace ndi lomwe lija la nkhosa ndi mbuzi. Atatu awa apitirira nthawi ya mpikisano wa masukulu, cotero ayenera zikondwerero za magulu a akuru.

La masukulu, ndi la acinyamata a mumpingo olimba mtima, ndi The Trials of Brother Jero la Wole Soyinka wa ku Nigeria, locitika koyamba ku Ibadan m'caka ca 1960. Jero ndi mneneri wa m'mbali mwa nyanja ku Lagos, amene asunga omtsata mwa kuwamana cimene acifuna, podziwa kuti wokhuta sabweranso kudzapempheredwa. Aletsa wophunzira wace Chume kumenya mkazi wace, osati cifukwa ca cifundo, koma kuti munthuyo akhale wosauka mtima. Ndipo pozindikira kuti mkaziyo ndi Amope, amene amlonda pakhomo kufuna ngongole yace, pomwepo asintha cibvumbulutso. Anthu adzaseka kufikira misozi, ndipo pobwerera kwao ena adzakhala cete. Likamasuliridwa m'Cicewa cabwino, ndi cilolezo ca mwini wace monga lamulo lifuna, lidzamveka pa Ndirande ndi pa Kawale ngati linalembedwa dzulo.

Otsala ndi masewero amene sitingathe kuwachula maina, pakuti sanasindikizidwe. Kuyambira 1969 masukulu a dziko lino aonetsa masewero ocuruka ndithu, ndipo mwa iwo munali ena okoma amene anapambana m'zigawo, anthu nawakamba mwezi wathunthu. Ali m'masutikesi a aphunzitsi opuma nchito, olembedwa pamanja kapena pa taipi, ndipo ciswe sicidziwa kuti ili linatenga cikho. Wowerenga amene ali nalo lotere, kapena adziwa mkazi wamasiye wosunga mapepala a mwamuna wace, alilembenso bwino, aikepo dzina la mlembi, sukulu ndi caka, napereke kope limodzi ku nyumba ya mabuku ya pafupi, lina kwa mphunzitsi wa zisudzo wa sukulu imene linabadwira.